Tsiku Limene Tinavotera Mtembo wa Rozina

Gifiti, tazimitsa kafoni kakoko undiyang'ane. Ndamva zimene umamuuza mlongo wakoyu pamene ndimasenda chinangwa. Mano ndiwo anandithawa, makutu alipo. Wati iwe sungavotere munthu wovala mkanjo ndi mzuli, kaya akhale wanzeru chotani. Mawu amenewo ndinawamvapo kale pakhonde lomwe lino, kuchokera pakamwa pa munthu wa magazi ako omwe, ndipo kumene anatifikitsa, mpaka lero ndikakumbukira thupi limachita tsemwe. Khalani pansi nonse. Prisika, bwera ndi lichero tizisankha nandoloyu, pakamwa pazilankhula manja akugwira ntchito.

Ife tinabadwa atatu m'mimba imodzi. Oyamba anali achimwene a Sitefano, kenako ine Felesita, ndiye mzime wathu Rozina. Inu ana Rozina simumudziwa, ndipo ndi ife akuluakulu tinakumanani, chifukwa dzina lake tinkalilumpha ngati dzenje la panjira. Anali wamfupi, wa kampata pamano, woseka mokweza mpaka agalu a eni ake kuuwa.

Agogo athu anachokera kwa Apwitikizi wapansi, atasenza mitengo ya chinangwa ndi mbewu ya kalongonda pamutu. Atafika kuno anapeza Ayao ndi Amang'anja atakhazikika kale, ndipo ubatizo anakaupeza ku Nguludi. N'chifukwa chake tsidya lino la kamtsinjeka kuli tchalitchi chathu, tsidya ilo kuli mzikiti, koma madimba ndi oyandikana, madzi othirira ndi amodzi. Ndili mtsikana, pa ukwati kapena pamaliro, mbuzi sitinkapha tokha. Tinkaitana munthu wa tsidya ilo kuti adzaizinge mwa chikhalidwe chawo, kuti anzathuwo adye nawo. Iwonso ikakwana Idi ankatitumizira mpunga, ndipo m'mwezi wawo wosala kudya, ife ana tinkangozungulira makomo awo dzuwa likamalowa, kudikira futali. Futali wake wa nsinjiro zosinja mumtondo, osati zanu za m'mapepala zonunkha sitolozi. Sindikunena kuti tinali angelo ayi. Iwo ankatiseka kuti timadya mbewa, ife tinkawaseka kuti amadzutsa nkhuku zathu ndi kuitana kwawo kwa m'mawa. Zinkathera m'kuseka.

Ine ndi Rozina tinkagulitsa tomato ku Namadzi. Tinkapita wapansi, dengu pamutu, osati zanu zokwera njinga yamoto ngakhale popita kuchigayo. Pakhonde la sitolo ina pamenepo pankakhala telala, Che Jafali, ndi makina ake opondera. Ndinayamba kudabwa kuti nsalu za Rozina zikungong'ambika sabata iliyonse. Lero mpendero wasosoka, mawa batani lagwa. Ndinamufunsa kuti kodi iwe ukugona paminga? Iye n'kungoseka. Pomaliza anakwatirana, Rozina n'kulowa Chisilamu, n'kupatsidwa dzina loti Halima. Mayi athu analira, achimwene anatupa, koma Che Jafali anali munthu wovuta kudana naye. Anabwera kudzakhala chikamwini pano, anamanga nyumba paja pali mapeyala paja, ndipo jekete limene achimwene ankavala kutchalitchi anasoka ndi iwowo. Anabereka mwana mmodzi yekha, mnyamata, dzina lake Usufu.

Ndiye kunabwera matipate. Inu mwabadwa mutapeza anthu akutukwana mtsogoleri wa dziko pa minibasi popanda wowagwira, simungamvetse. Ife tinakulira m'nthawi yoti ukafuna kudandaula za mtengo wa feteleza unkayamba wayang'ana kumbuyo. Pa chisankho cha 1994 tinaima pamzere umodzi kusukulu, ine, Rozina, achimwene ndi Che Jafali, tikugawana chinangwa chophika. Nditalowa m'kachipinda kovotera kaja ndinaima kanthawi ndithu. Ndinali ndekha. Panalibe mwamuna wanga, panalibe mfumu, panalibe wachipani. Chibadwire palibe anandifunsapo maganizo anga pa chinthu chachikulu, ndiye tsiku limenelo dziko lonse linali kundidikira ine wogulitsa tomato. Inki ya pachala ndinkaisamalira ngati mphete.

Amene anapambana anali Msilamu, ndipo achimwene anavina nawo pamsewu. Nthawi imeneyo tinkangoti ndi wa kuno Kummwera, za mzikiti palibe ankaziwerengera. Koma pakamwa pakatseguka sipatuluka zabwino zokha. Ku Namadzi kunayamba kubwera alaliki a zimkuzamawu, wina tsidya ili la msewu, wina tsidya linalo, aliyense kunyoza buku la mnzake, ife a tomato tili pakati makutu akulira. Kunayamba mphekesera zoti dziko lonse alisandutsa la Chisilamu, kwinaku kuli mphekesera zoti Akhristu akupangana zobwezeretsa Asilamu kumbuyo kumene anali kale. Aliyense ankati wamva kwa munthu wodalirika. Munthu wodalirikayo ine sindinamuonepo nkhope.

Pa zaka zomwezo kaunjika anapha ntchito ya utelala kuno. Ndani akasoketse malaya pamene a pamulu ndi otchipa? Che Jafali anatenga mkazi ndi mwana n'kupita ku tauni ina ya ku Mpoto, kumene mnzawo anawauza kuti kuli ntchito yosoka mayunifolomu. Zinawayendera. Rozina ankatitumizira mpunga wonunkhira, wakuti ukaphika oyandikana nawo amabwera kudzafunsa moto pamene kwawo ukuyaka.

Chisankho chachiwiri, cha 1999, chinachitika m'nyengo yozizira. Zotsatira zitatuluka tinamva pawailesi kuti ku Mpoto kwina anthu akwiya, akuotcha mizikiti. Ndinangoti, wailesi imakuza zinthu. Patapita masiku ochepa, ndili pamalo panga pamsika, ndinaona mzimayi akutsika minibasi atavala jekete lachimuna, kumapazi kulibe kanthu. Ndinamuyang'ana ngati mlendo. Atandiitana kuti, "Achemwali," dengu linandigwa. Kumbuyo kwake kunali Usufu, atakula msinkhu wa bambo ake, maso ali psu. Che Jafali anatsika atakumbatira mutu wa makina awo, wakuda bii ndi moto, ngati anyamula mwana wakufa.

Ndinafunsa kuti, "Alamu, katundu ali kuti?"

Anati, "Katundu ndi ameneyu."

Pano pakhomo ndi pamene Che Jafali anafotokoza. Anati gulu linayambira kumzikiti, litatha kumeneko linayamba kuloza nyumba. Anthu ake sanali achilendo. Ena anali makolo a ana amene iwo ankawasokera mayunifolomu. Ankakuwa kuti mwavotera Msilamu mnzanu, kazipitani kwanu. Amene anawapulumutsa anali mayi wina wa mvano woyandikana nawo, anawabisa m'khitchini mwake n'kuima pakhomo ndi mthiko, mawa lake n'kuwaperekeza kukakwera basi. Koma chimene chinandiumitsa pakamwa ndi ichi. Che Jafali anati, "Alamu, ine ndinavotera munthu wawo yemweyo. Ndinkakhala nawo, ndinkaona mavuto awo, ndinaona kuti akunena zoona. Koma palibe anandifunsa. Anangoona mzuli."

Ana inu, moto ukayaka kutali, phulusa lake limagwera pakhomo pako. Anyamata a tsidya ilo atamva nkhaniyi magazi anawira. Pasukulu yathu panali aphunzitsi ena ochokera ku Mpoto, munthu wofatsa amene anaphunzitsa ana a mbali zonse ziwiri kwa zaka zambiri, amayi anu omwe anadutsa m'manja mwawo. Anyamata aja anapita kukagenda nyumba yawo dzuwa likuswa mtengo, Usufu ali patsogolo. Aphunzitsiwo anathawa ndi banja lawo, sanabwererenso. Pobwerera anyamatawo anaswanso magalasi a tchalitchi chathu. Ndinkangoti kodi ndikulota? Munthu amene sanaotche kanthu akulipira za anthu amene sakuwadziwa n'komwe, monga momwe Che Jafali analipirira voti imene sanaponye.

Achimwene nthawi imeneyo anali mkulu wa pamphakati komanso wapampando wa komiti ya sukulu. Za magalasi zija zinawalowa mumtima. Kenaka itakwana nthawi yosankhanso komiti, a tsidya ilo anabwera onse, nkhalamba zoyenda ndi ndodo, ngakhale amene analibe mwana pasukulupo, n'kuwagwetsa achimwene, n'kuikapo munthu wawo. Achimwenewo anabwera pakhonde pano, anakhala paja wakhala Gifitipo, nati, "Felesita, ndaphunzira. Demokalase n'kuwerenga mitu basi. Kuyambira lero wa mzuli sadzaonanso voti yanga, ndipo mbuzi yanga ndizipha ndekha." Kuyambira pamenepo pa maukwati athu anthu a tsidya ilo ankabwera, n'kukhala pang'ono, n'kunyamuka chakudya chisanafike.

Rozina chibwerere ku Mpoto sanakhalenso bwino. Chifuwa chinamugwira, kuseka kuja kunatha. Tinapita naye kuchipatala ku Nguludi panjinga kangapo, ankapezako bwino, n'kuyambiranso. Chaka chotsatira, chimanga chitamasula ngayaye, anagona osadzukanso, ndipo womudwazika ndinali ine. Tsiku lina ali bwinobwino m'mutu anandigwira dzanja nati, "Achemwali, ndikapita mukaitane Abiti Amini adzandisambitse. Mundiveke sanda, andinyamule pa jeneza. Ndakhala Msilamu zaka zambiri kuposa zimene ndinakhala Mkhristu." Abiti Amini anali mayi wachikulire wa tsidya ilo amene ankasambitsa maliro a akazi. Sanda ndi nsalu yoyera ija amakulungira mtembo, jeneza ndi chonyamulira chawo, poti iwo bokosi sagwiritsa ntchito. Ndinamulonjeza.

Koma thupi likatentha kwambiri, Rozina ankabwerera ku ubwana. Ankaitana mayi athu amene anamwalira kalekale, ankayimba nyimbo za Maria zimene tinkayimba tili ana popita ku Nguludi. Tsiku lina achimwene analowa n'kumupeza akuyimba. Anagwada pansi misozi ili mbwee, nati, "Wabwerera! Mlongo wanga wabwerera kwawo!" Ndinawauza kuti achimwene, kumeneku n'kutentha kwa thupi, dzulo lomweli amaswali chogona, kupemphera mwa Chisilamu. Sanandimve. Ndipo musawaone ngati chilombo, ana inu. Ankamukonda Rozina, anamubereka kumsana ali khanda. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akumupulumutsa.

Rozina anamwalira m'mawa, kunja kukuwaza kamvula. Asilamu sachedwetsa maliro, ndiye dzuwa lisanafike pamutu amuna a tsidya ilo anali atafika ndi jeneza, ashehe awo ali patsogolo. Asanakhale n'komwe pansi, tinaona ngolo ikulowa pabwalo, pamwamba pali bokosi lopaka vanishi, achimwene akuyenda pambali pake ndi a kwaya.

Ashehe anapereka moni mwaulemu, nati, "Bambo, mayiwa anali Msilamu. Tiloleni tiwasunge mwa njira yawo."

Achimwene anati, "Mwini mbumba ndine. Anabadwa Rozina, wamwalira Rozina. Ndinamumva ndi makutu angawa akuyimbira Maria."

Amfumu athu anali nkhalamba yofatsa yoopa mbali zonse ziwiri, anangoti kambiranani, ndinu abale. Anakambirana mpaka mawu anayamba kukwera. Pamenepo achimwene anakweza dzanja nati, "Chabwino. Masiku ano kulibe woposa mnzake, si paja munatiphunzitsa kusukulu kuja? Tivote. Ofuna bokosi aime uku, ofuna sanda aime uko. Ochuluka atenge mtembo."

Ine ndinali m'nyumba pambali pa malemuyo, ndikuingitsa ntchentche ndi kansalu. Ndinamva mawuwo kudzera pawindo, ndipo ndinaganiza kuti anthu aseka kapena awadzudzula. Ashehe anati, "Maliro savotera, bambo." Koma anyamata awo anawaposa mawu: "Tivote! Tilipo ambiri!" Basi, chimene ndinaona pambuyo pake sindinachionepo chibadwire. Anthu anabalalika kuthamanga. Awa kuwoloka mtsinje kukaitana anzawo, awa kulowa m'midzi ya tsidya lino kugogoda khomo ndi khomo. Anthu ankachotsedwa m'minda makasu ali m'manja. Panadutsa bambo wina wogulitsa usipa panjinga, mlendo wosadziwa n'komwe kuti wamwalira ndani, anamuimitsa n'kumufunsa kuti mumapemphera kuti? Atatchula mpingo wake anamukokera kumbali ya bokosi, njinga yake yomwe. Pabwalo la maliro panalibe wolira ndi mmodzi yemwe. Aliyense ankatambasula khosi kuwerenga mbali inayo. Mng'ono wanga ali gone pamphasa, thupi lisanazizire bwino, panja anthu akuchita kampeni.

Kenaka ndinamva achimwene akuitana, "Felesita! Tuluka, udzawonjezere nambala kuno!"

Sanandifunse kuti ukuganiza bwanji. Anali atandiwerengera kale, chifukwa cha kolona imene inali m'khosi mwangamu. Ndinatuluka. Kudzanja lamanja kunali anthu anga, amene ndimayimba nawo, amene anandigwira pa maliro a mwamuna wanga. Kumanzere kunali mikanjo, ndi Che Jafali atakhala pa chitsa, mutu uli pansi. Kuvota kwa m'kachipinda n'kosavuta, ana inu, palibe amakuona. Uku kunali kuvota ndi miyendo, mudzi wonse ukuyang'ana.

Ndinati, "Achimwene, Rozina anandiuza yekha, ali bwinobwino. Anati sanda."

Anati, "Wakufa savota. Bwera kuno."

Ndinayenda kupita kumanzere. Kumbuyo kwanga kunamveka phokoso ngati njuchi. Mayi wina amene ndinkakhala naye benchi limodzi kutchalitchi anakuwa kuti, "Yudasi!" Nditafika ndinatembenuka, n'kuona mayi ako iwe Prisika akubwera pambuyo panga ndi mimba yake yaikulu, akulira. Anabweranso amayi ena awiri amene ankandithandiza kudwazika, amene anamva nawo mawu a Rozina. Ena onse anayang'ana pansi.

Anawerenga, n'kubwerezanso. A bokosi anachuluka. Tsidya lino ndi lalikulu, zimenezo zinali zodziwikiratu. Ndipo abale, anthu anaomba m'manja. Pamaliro! Wina mpaka analiza nthungululu, kenaka n'kudzigwira pakamwa.

Usufu anathamangira pakhomo la nyumba n'kuima chotambasula manja, nati, "Amene akhudze mayi anga ayambe wapha ine." Mwana wa achimwene, msuweni wake amene anakulira naye limodzi kusaka ziwala, anazula mpini wa khasu. Anyamata a tsidya ilo anatola miyala. Mwala woyamba sindinaone kumene unachokera, koma unagwera gogo wina wa kwaya pamphumi, magazi n'kutsikira pa bulauzi yoyera. Ndinaona zikwanje zikutuluka m'malaya, mbali zonse ziwiri, kusonyeza kuti anthu anabwera nazo kumaliro atakonzeka. Amayi anayamba kuthawira m'chimanga ndi ana. Ndinadziwa kuti lero tiika anthu ambiri, osati mmodzi.

Pamenepo Che Jafali anaimirira. Munthu uja chikhalire sindinamumvepo akukweza mawu, koma tsiku limenelo anakuwa mpaka mawu anasweka. "Usufu! Choka pakhomopo!" Anthu anaima. Anayenda mpaka pakati pa bwalo, anavula mzuli n'kuugwira m'manja, nati, "Alamu a Sitefano, mwapambana. Mtengeni mlongo wanu. Ine ndinaona kale nyumba ya Mulungu ikupsa, ndinaona nyumba yanga ikupsa. Sindifuna kuona mudzi wa mkazi wanga ukupsa chifukwa cha iye. Mulungu akumudziwa, sasochera naye." Anapita pakhomo, anamugwira Usufu pamkono n'kumukoka. Mnyamatayo ankalira ngati ng'ombe, akuti, "Baba, mwawagulitsa amayi! Mwawagulitsa!" Amuna aja ananyamula jeneza lawo lopanda kanthu n'kutuluka pabwalo.

Tsono kusambitsa mtembo wa mkazi ndi ntchito ya akazi, ndipo mkulu wake wa malemu ndinali ine. Bokosi analilowetsa m'nyumba, amuna n'kutuluka. Ndinatsala ndi amayi awiri aja anaima nane. Ndinatuma mayi ako kuti adzere kuseri, m'chimanga, akawapeze Abiti Amini, amene anabwera ndi amuna aja atanyamula sanda, asanawoloke mtsinje. Anabwera nawo kudzera khomo la kumbuyo, sanda ataikulunga m'chiuno mkati mwa chitenje. Mayi mmodzi anatsamira chitseko. Abiti Amini anamusambitsa Halima mwa njira yawo yonse, mosafulumira, akunong'ona mapemphero awo, ine ndikuthira madzi pamene andiuza. Panja kwaya ikuyimba. Tinamukulunga m'sanda yake, tinamuika m'bokosi chogonera kudzanja lamanja monga ananenera Abiti Amini, n'kutseka. Achimwene atafuna kuti anthu aone nkhope, ndinaima pachivundikiro n'kunena kuti, "Mwavota zokwanira. Nkhope ya mng'ono wanga simuiona." Anandiyang'ana, ndipo kaya anaona chiyani m'maso mwangamu, anangouza anyamata kuti akhome misomali.

Kumanda nyimbo zinkatuluka zofooka ngati anthu sanadye. Kumishoni sanauzidwe n'komwe, mwambo wonse anayendetsa okha achimwene. Tikutsitsa bokosi ndinakweza maso, n'kuona kutsidya, m'munda wa nandolo, amuna ataima mizere, ashehe patsogolo, akupempherera maliro opanda mtembo. Che Jafali anali pamzere woyamba. Chakudya chimene tinaphika tsiku limenelo chinatsala miphika yathunthu, opambana omwe sanachikhudze.

Ine kuvota sindinasiye, musandimve molakwa. Chisankho chilichonse ndimapita, ngakhale pano maso akuvuta. Kusankha woyendetsa dziko, woyang'anira mjigo, zimenezo werenganani, ochuluka atenge. Koma pali zinthu zina za munthu mmodzi, zoti ngakhale mudzi wonse utaima mbali imodzi, si zanu. Achimwene anakhala osandilankhula mpaka chaka cha njala chija, pamene tinakumana tikukumba zikhawo za nthochi m'dimba limodzi, manyazi n'kutithera tonse. Anamwalira osadziwa zimene zinali m'bokosi muja. Kangapo ndinafuna kuwauza, koma ndikaona mmene ankapalirira manda a Rozina chaka ndi chaka, ndinkangowasiya.

Mkamwini mkazi akamwalira amamasulidwa kuti abwerere kwawo. Che Jafali sanadikire n'komwe kukolola chimanga chimene analima. Usufu anali atapita kale, atalumbira kuti pano sadzapondanso, ndipo mpaka lero sanapondepo. Muli ndi abale anu kupitirira Zomba uko amene mungapambane nawo pamsewu osadziwana. Tsiku limene Che Jafali ankanyamuka palibe wa pabanja pathu anatuluka kudzatsanzikana nawo. Ndinawasenzera kachikwama kawo mpaka ku Namadzi. Chichitikire maliro anali asanandiyang'anepo kumaso, ndipo ine ndinkaopa kuwauza pamudzi, poti khoma lili ndi makutu ndipo anthu akanatha kukafukula manda.

Titaima podikira minibasi ndinati, "Alamu, pali mawu."

Anati, "Musadandaule alamu, munayesetsa. Ndinakuonani mutawoloka bwalo."

Ndinati, "Si zimenezo. Halima anasambitsidwa ndi Abiti Amini. Madzi ndinkathira ndine. Ali m'sanda yake, wagonera kudzanja lamanja. Bokosi lija ndi chikuto chabe."

Anandiyang'ana kumaso. Kenaka anakhala pansi pafumbi pomwepo, pakati pa ogulitsa nthochi, bambo wamkulu ndi mkanjo wake woyera, n'kuyamba kulira mokweza, kulira kumene sanalire ku Mpoto, kumene sanalire pamaliro. Anthu anatizungulira kufunsa kuti kwagwanji. Minibasi inabwera, kondakitala anaitana mpaka kutopa, inapita. Inabwera ina, inapitanso. Ine ndinangokhala nawo pansipo.

Atatonthola anapukuta kumaso ndi mkono wa mkanjo, nati, "Ndikamuuze Usufu. Mwanayo sagona tulo." Yachitatu itaima anakwera, ndipo anakhala pampando wa pawindo atagwira kachikwama kawo pamiyendo. Sindinawaonenso.